Tsoka silinunkha, koma limawerengeka

Chaka chatha tinaika m'manda mnyamata amene ndinamuphunzitsa kuyambira Fomu 1 mpaka Fomu 4. Dzina lake sinditchula. Atalemba mayeso a MSCE anasowa chochita, ndiye munthu wina anamupatsa njinga yamoto kuti azichita kabaza, madzulo aliwonse azikapereka ndalama imene anapangana. Tsiku lina la msika, akuchokera ku Limbuli kubwerera kuno ku Milonde, galu anadutsa pamsewu. Mnyamata anaponda buleki, njinga inaterereka, iye n'kumenyetsa mutu pansi. Helemeti inali pachiwongolero, osati kumutu. Anakomoka kanthawi kochepa, kenaka anadzuka, n'kudzisasa fumbi, n'kuyamba kudandaula za galasi la njinga limene linasweka. Anthu amene anathamangira anati, "Aaa, wapulumuka ameneyu." Anafika kunyumba yekha. Anati mutu ukuwawa, anasanza kawiri, n'kukagona. Kutacha sanadzuke.

Pamaliro ndinamva mawu amitundu iwiri. Akuluakulu ankati tsoka silinunkha. Ena ankanong'onezana kuseri kuti, "Munthu angagwe masana, n'kuyenda yekha, n'kudzafa usiku? Apa pali dzanja la munthu." Ine ndinangokhala chete, poti pamaliro si pophunzitsira fizikisi. Koma pano ndi pathu, ndiye ndinene maganizo anga mosabisa: kuvulala si chinthu chogwa kumwamba. Kuli ndi chiyambi chake, kuli ndi masamu ake, ndipo masamuwo ndi omwe aja mumalemba m'makope mwanu Lachiwiri m'mawa mukuyasamula. Tikapitiriza kunena kuti ndi tsoka basi, tipitirizanso kuika anzathu m'manda.

Madokotala anasiya liti kunena kuti ndi tsoka?

Kalekale madokotala nawonso ankaganiza ngati ifeyo. Malungo ndi chifuwa chachikulu ankazifufuza, koma munthu wogwa mumtengo kapena wopanikizidwa ndi makina pantchito ankangomusoka mabala, nkhani n'kuthera pomwepo. Amene anasintha maganizo amenewa ndi munthu wina wa ku America dzina lake Hugh DeHaven. Iyeyu anapulumuka ndege yake itawombana ndi inzake m'mlengalenga pamene ankaphunzira kuyendetsa ndege nthawi ya nkhondo yoyamba ya dziko lonse. Ali gone m'chipatala anadzifunsa chifukwa chake iye wapulumuka pamene ena afa. M'chaka cha 1942 anatulutsa kafukufuku wa anthu amene anagwa kuchokera pa nyumba zazitali, mamita 15 mpaka 45, koma osafa. Anapeza kuti onsewo anagwera pa chinthu chimene chinaphwanyika kapena kulowa pansi, monga dothi lofewa la m'dimba kapena galimoto imene inapindika. Chimene chimapha munthu si kugwako, koma kuima mwadzidzidzi.

Pambuyo pake dokotala wina, William Haddon, anaika maganizowa mwadongosolo. Iye anati monga malungo amadza ndi tizilombo, kuvulala kumadza ndi mphamvu imene yalowa m'thupi mopitirira muyeso umene thupilo lingapirire. Anatinso kuvulala kulikonse kuli ndi nthawi zitatu: ngozi isanachitike, pamene ikuchitika, ndi itachitika. Pa nthawi iliyonse mwa zitatuzi pali chimene munthu angachite. Maganizowa anafika patali moti m'chaka cha 2001 magazini ya madokotala ya ku Britain yotchedwa BMJ inauza olemba ake kuti asiye kugwiritsa ntchito liwu la Chingerezi lotanthauza ngozi yongogwa yokha, chifukwa liwulo limapangitsa anthu kuganiza kuti palibe chimene akanachita.

Nkhaniyi ndi yanu kuposa ya agogo anu. Lipoti la bungwe la WHO la 2023 likuti anthu pafupifupi 1.19 miliyoni amafa pamsewu chaka chilichonse, ndipo pa dziko lonse palibe matenda amene akupha anthu a zaka 5 mpaka 29 kuposa ngozi za pamsewu. Kwa mnyamata wa kabaza, msewu ndiye ofesi yake. Akavulala, wavulala pantchito, chimodzimodzi wothyola tiyi amene waterereka pamtsetse kapena kalipentala amene wagwa padenga.

Tiyeni tizitsate nthawi zitatu za Haddon, njinga ya kabaza ili patsogolo pathu. Chichewa chathu chimati mphamvu ponena energy ndiponso ponena force, ndiye kuti tisasokonezane ndigwiritsa ntchito mawu a m'kalasi momwe alili.

Ngozi isanachitike: liwiro

A Fomu 3, kumbukirani kuti kinetic energy ndi theka la mass kuchulukitsa ndi liwiro, n'kuchulukitsanso ndi liwiro lomwelo. Liwiro likulowa kawiri m'masamumo, ndipo nkhani yonse yagona pamenepo.

Titenge munthu wolemera makilogalamu 60. Njinga ikamayenda makilomita 30 pa ola, ndiye kuti ikuyenda mamita 8.3 pa sekondi, ndipo thupi lake lanyamula ma joule pafupifupi 2,100. Ikafika makilomita 60 pa ola, ndi mamita 16.7 pa sekondi, ma joule ndi pafupifupi 8,300. Liwiro lawirikiza kawiri, energy yawirikiza kanayi.

Manambala okha sagwira mtima, ndiye tiwasandutse msinkhu. Kumenya khoma kapena mtengo uli pa makilomita 30 pa ola n'chimodzimodzi kugwa kuchokera pa mamita atatu ndi theka, tinene pamwamba pa denga la kalasi. Pa makilomita 60 pa ola n'chimodzimodzi kugwa kuchokera pa mamita 14, pamwamba pa mtengo wa bulugamu. Pa 80, mamita ndi pafupifupi 25. Ndani mwa inu angavomere kudumpha kuchokera pa bulugamu chifukwa chakuti wachedwa kusukulu? Komatu timakwera njinga imene ikuuluka, n'kumasekerera kuti a kabaza awa ndiye amatha.

Onjezeraninso izi. Diso likaona galu, phazi silifika pa buleki nthawi yomweyo. Pamadutsa sekondi imodzi kapena kuposerapo. Pa makilomita 60 pa ola, m'sekondi imodziyo njinga yadya kale mamita 17, kutalika kwa makalasi awiri, buleki isanagwire n'komwe. Ikagwira, mtunda woimira nawonso umakula kanayi liwiro likawirikiza kawiri. Pamsewu wafumbi, kapena pamatope a nthawi ya mvula ngati athu a kuno kunsi kwa phiri, matayala sagwira nthaka bwino, ndiye mtundawo umatalikirako. Ndipo mukakwera atatu, kumbuyo n'kumangirirako thumba la chinangwa ndi mkoko wa nthochi, mass yakula, energy yakula, koma mabuleki ndi matayala ndi omwe aja anapangidwira anthu awiri.

Pamene ikuchitika: masentimita awiri ndi theka

M'mwezi wa Meyi 1935, msilikali wotchuka wa ku Britain, T. E. Lawrence, anagwa pa njinga yamoto n'kuvulala kumutu, ndipo anamwalira patatha masiku asanu ndi limodzi. Mmodzi mwa madokotala amene anamuthandiza anali Hugh Cairns, katswiri wa opaleshoni ya ubongo. Imfayo inamukhudza kwambiri, moti nkhondo yachiwiri itayamba anayamba kuwerenga asilikali oyendetsa njinga zamoto amene ankafa ndi mabala a kumutu. Zimene anapeza anazitulutsa mu 1941, ndipo chaka chomwecho gulu la asilikali a Britain linalamula kuti aliyense wokwera njinga yamoto azivala helemeti. Helemeti sinayambe ndi apolisi a pamsewu. Inayamba ndi dokotala amene anatopa ndi kuona achinyamata akufa.

Ambiri amaganiza kuti helemeti imateteza chifukwa ndi yolimba. Ayi. Chikanakhala choncho bwenzi tikuvala mapoto. Ntchito yeniyeni imagwiridwa ndi chinthu choyera chopepuka chimene chili mkati, chonga chija amatchingira wailesi yatsopano m'katoni. Chimenechi chimaphwanyika mutu ukamenya pansi, ndipo pophwanyikapo chimatalikitsa mtunda umene mutu ukuimira.

Tiwerengere limodzi, moyerekeza ngati m'kalasi. Mutu wa munthu wamkulu umalemera pafupifupi makilogalamu 5. Munthu akakhala panjinga, mutu uli pa mita imodzi ndi theka kuchokera pansi. Akangogwa chagada, njinga itaima n'komwe, mutu umafika pansi ndi ma joule 75. Energy imeneyi iyenera kutha, ndipo mukudziwa kuti work done ndi force kuchulukitsa ndi mtunda. Patala palibe chofewa. Tinene kuti khungu ndi fupa zalowa theka la sentimita, ndiye force ndi 75 kugawa ndi 0.005, yankho ndi ma newton 15,000. Kumeneko ndi kulemera kwa matumba 30 a chimanga a makilogalamu 50, onse pamutu pa munthu mmodzi m'kamphindi. Tsopano valani helemeti imene choyera chake chaphwanyika masentimita awiri ndi theka. Force yatsika kufika pa ma newton 3,000, matumba asanu ndi limodzi. Akadali olemera ndithu, koma chikopa chakunja cha helemeti chimawamwaza pamutu ponse m'malo mwa malo amodzi, ndipo pressure, imene ndi force kugawa ndi area, imatsikanso.

Masamuwa akugwirizana ndi zimene zinapezeka m'zipatala. Mu 2008 gulu la ofufuza lotchedwa Cochrane linasonkhanitsa kafukufuku wa m'maiko osiyanasiyana ndipo linapeza kuti helemeti imachepetsa chiopsezo cha imfa ndi 42 peresenti, ndipo cha kuvulala kumutu ndi 69 peresenti. Pali mankhwala ochepa kwambiri m'chipatala amene angafanane ndi manambala amenewa.

Koma pali zitatu zimene masamu omwewo akutichenjeza. Helemeti yosamanga lamba wa pachibwano imauluka mutu usanafike pansi. Chipewa chachikasu cha omanga nyumba chinapangidwira njerwa yogwa kuchokera pamwamba, chilibe choyera chija, ndiye panjinga n'chokongoletsa chabe. Ndipo helemeti imene yamenyapo kale pansi mwamphamvu yatha ntchito ngakhale kunja ikuoneka bwino, chifukwa choyeracho chikaphwanyika sichibwerera.

Itachitika: chifukwa chake munthu amadzuka kenaka n'kufa

Tsopano tibwerere ku funso la anthu onong'ona aja. Zimene achibale anafotokoza pamaliro zija, madokotala amazidziwa bwino. Pambali pa mutu, pakati pa diso ndi khutu, fupa la chigaza ndi lopyapyala, ndipo kunsi kwake kumadutsa mtsempha wa magazi. Fupalo likasweka, mtsempha umang'ambika, magazi n'kuyamba kudzadza pakati pa fupa ndi chikuto cha ubongo. Kunja sikuoneka kanthu. Poyamba magaziwo ndi ochepa, ndiye munthu amatsitsimuka, n'kuyankhula, n'kuyenda. Koma chigaza cha munthu wamkulu ndi bokosi lotseka, silifutukuka. Magazi akamachuluka alibe kolowera, ndiye amapanikiza ubongo pang'onopang'ono mpaka gawo limene limayendetsa kupuma litapanikizika. Zimenezi zimatha kutenga maola angapo. Anthu amaona ngati munthu wagona tulo, chonsecho akukomoka.

Chowawa n'chakuti vuto limeneli ndi limodzi mwa amene opaleshoni imachiza bwino likapezeka msanga. Madokotala amaboola chigaza, n'kuchotsa magaziwo, n'kutseka mtsempha. Ku Gulupu, chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, kuli madokotala a opaleshoni ya ubongo. Koma kuchoka kuno kukafika kumeneko pali njira: chipatala chaching'ono chapafupi, kenaka chachikulu ku boma ku Mulanje, kenaka Blantyre. Ndiye ulendowo uyenera kuyamba munthu akadayankhula, osati atasiya.

Izi ziloweni pamtima kuposa mmene mumalowezera ma formula. Munthu amene wamenyetsa mutu apite kuchipatala nthawi yomweyo ngati anakomoka ngakhale kanthawi kochepa, ngati akusanza mobwereza, ngati mutu ukuwawirawawira, ngati akuwodzera kapena akuyankhula zosokonekera, ngati akutuluka magazi kapena madzi m'khutu kapena m'mphuno, ngati akugwa khunyu, ngati mbali imodzi ya thupi yafooka, kapena ngati kamwanadiso kamodzi kakula kuposa kanzake. Asagone yekha usiku umenewo. Musamupatse mowa kuti alimbe mtima.

Nthawi ndi yofunikanso pa kutaya magazi. Munthu wamkulu ali ndi magazi pafupifupi malita asanu, ndipo fupa la ntchafu likathyoka, lita imodzi kapena kuposa imatha kutayikira mkati mwa ntchafu momwemo popanda bala lililonse kunja. Mu 2010 kunatuluka kafukufuku wamkulu wotchedwa CRASH-2, wa anthu ovulala oposa 20,000 m'maiko 40. Anayesa mankhwala otsika mtengo otchedwa tranexamic acid, amene amathandiza kuti magazi akaundana pabala asasungunukenso. Anapeza kuti akaperekedwa mkati mwa ola loyamba, imfa za kutaya magazi zimatsika ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu. Mpaka maola atatu amathandizabe. Maola atatu akadutsa phindu limatha. Mu 2019 kafukufuku wotsatira, CRASH-3, anasonyeza kuti mankhwalawa amathandizanso ena mwa ovulala kumutu, malinga aperekedwe mkati mwa maola atatu omwewo.

Ndiye taganizirani mmene timachitira ife. Ola loyamba limathera pa kukangana kuti wolakwa ndani. Lachiwiri, kudikira amalume abwere adzalamule. Lachitatu, kufunafuna ndalama ya mafuta. Ena akujambula pa foni kuti atumize pa WhatsApp. Mbewa ya manyazi inafera kuuna: inu ngakhale muli ana asukulu, yankhulani. Tengani nsalu yoyera, panikizani pabala mwamphamvu osasiya. Musathiremo dothi, mchere kapena petulo. Mutu ndi khosi zikhale mowongoka ndi thupi, musamunyamule ngati thumba. Helemeti musaivule mokoka pokhapokha ngati munthuyo akulephera kupuma. Musamumwetse madzi, poti mwina akafunika opaleshoni. Ndipo wina athamange kukafuna galimoto nthawi yomweyo.

Kafukufuku wa kwathu kuno

Mwina mukuti zonsezi ndi za azungu. Ayi ndithu. Kuyambira mu 2008, chipatala cha Kamuzu Central ku Lilongwe, mogwirizana ndi yunivesite ya North Carolina, chakhala chikusunga kaundula wa munthu aliyense wofika atavulala: zaka zake, chimene chamuvulaza, nthawi, mmene wafikira ndi mmene zathera. Kaundulayu anasonyeza kuti ovulala pamsewu ofika pa chipatalachi anakwera kuchoka pa anthu pafupifupi 2,400 mu 2009 kufika pafupifupi 4,000 mu 2015. Ambiri mwa ovulala ndi amuna achinyamata, ndipo ambiri amafika pa galimoto za anthu wamba, osati pa ambulansi. Izi zikutanthauza kuti dokotala woyamba wa munthu wovulala m'Malawi muno ndi amene wapezeka pafupi. Mawa akhoza kukhala inu.

Za mafupa nazo tili ndi mbiri yathu. Mu 1985 dokotala wa ku Canada, Edward Blair, anayambitsa maphunziro a ma clinical officer a za mafupa, chifukwa madokotala akuluakulu a mafupa anali osowa. Mpaka lero ambiri mwa othyoka mafupa m'zipatala za m'maboma amathandizidwa ndi anthu amenewa. Mukadzalowa m'wodi ya amuna mudzaona fizikisi ndi maso: mwendo wothyoka ntchafu utamangidwa chingwe chodutsa pa pulley, kumapeto kwake kukulendewera cholemera chimene chikukoka kuti mafupa akhale mowongoka. Munthu amagona choncho masabata asanu ndi limodzi kapena kuposa. Dr Linda Chokotho ndi anzake anatsatira odwala oterewa m'zipatala za m'dziko muno, ndipo anapeza kuti amene anaikidwa chitsulo mkati mwa fupa ankayamba kugwiritsa ntchito mwendo msanga kuposa okokedwa pabedi. Kafukufuku wotere ndi amene amathandiza kuti ndalama zochepa za zaumoyo zipite poyenera.

Koma taganizirani masabata amenewo kwa banja la kuno. Bambo ali gone, mayi ali pachipatala kudikirira, munda sunalimidwe, mwini njinga akufuna njinga yake, fizi ya teremu yachiwiri palibe. Bala limodzi limavulaza nyumba yonse. Ndipo wovulala kumutu akapulumuka, nthawi zina sabwerera mmene analili: amaiwalaiwala, amapsa mtima msanga, ena amayamba khunyu. Kumudzi timati wasintha, kapena wapenga, osadziwa kuti ndi chipsera cha mu ubongo.

Kuvulala kosamveka phokoso

Si kuvulala konse kwa pantchito kumene kumabwera ndi phokoso ndi magazi. Bungwe la ILO likuti anthu pafupifupi 3 miliyoni amafa chaka chilichonse chifukwa cha ntchito zawo, ndipo ambiri mwa iwo amafa ndi matenda odza pang'onopang'ono, osati ngozi ya tsiku limodzi. Funsani agogo amene anapita ku Joni pa Wenela kapena TEBA akuuzeni za fumbi la m'migodi ya golide limene linaumitsa mapapo a anzawo patatha zaka zambiri atabwerako.

Kuno kwathu chitsanzo chapafupi ndi msana. Amayi ndi abambo othyola tiyi amawerama tsiku lonse dengu lili kumbuyo. Inuyo patchuthi mumakagwira ganyu yosenza matumba pamsika. Msana ndi lever, ndipo ndi lever yoipa. Mukawerama n'kunyamula thumba la makilogalamu 50, ndiye ma newton 500, lili masentimita 40 kuchokera m'chiuno, moment ndi 200. Minofu ya msana imakoka pa mtunda wa masentimita asanu okha kuchokera pa fupa, ndiye kuti ilingane ndi thumbalo iyenera kukoka ndi ma newton 4,000, tisanawerengere kulemera kwa thupi lanulo. Force yonseyi imapanikiza timapilo tofewa timene tili pakati pa mafupa a msana. M'zaka za m'ma 1960 dokotala wa ku Sweden, Alf Nachemson, anayeza pressure ya m'timapilomu mwa anthu amoyo, n'kupeza kuti imakwera kwambiri munthu akawerama atanyamula katundu. Bungwe la ku America loona za umoyo wa ogwira ntchito, NIOSH, linaika malire a ma newton 3,400 pa msana, ndi makilogalamu 23 ngati katundu wonyamula munthu mmodzi zinthu zonse zili bwino. Thumba lathu la chimanga likuposa pamenepo kawiri.

Masamu akutiuza chochita: fupikitsani mtunda kapena chepetsani katundu. Thumba likakhala pafupi ndi thupi, masentimita 20, force imatsika ndi theka. Mukanyamula awiri imatsikanso. Wilibala si ulesi. Ofufuza apezanso kuti kungophunzitsa antchito kanyamulidwe kabwino pakokha sikuthetsa vuto la msana, ndiye udindo wina uli kwa olemba anthu ntchito. Dziko lathu lili ndi lamulo la 1997 la chitetezo ndi umoyo pamalo a ntchito, limene limalamula olemba ntchito kupereka zovala zodzitetezera pa ntchito zoopsa, ndi lamulo la 2000 la chipukutamisozi kwa ovulala pantchito. Lamulo la ntchito la 2000 limaletsanso kupatsa munthu wosakwana zaka 18 ntchito yoika moyo wake pachiswe. Vuto n'lakuti wa kabaza ndi wa ganyu kawirikawiri alibe pepala lililonse losonyeza kuti analembedwa ntchito, ndiye akavulala amadziona okha.

Zimene mundiyankhe ndikuzidziwa

Ndakambapo nkhaniyi ndi anyamata a pa siteji, ndipo sanandinyengerere. Wina anati, "Aphunzitsi, inu mumalandira kumapeto kwa mwezi. Ine ndikayenda pang'onopang'ono, ya abwana ikwana bwanji?" Ali ndi mfundo. Munthu amene wapatsidwa chiwerengero cha ndalama choti apereke madzulo alionse akukankhidwa kuti athamange ndi kupanikiza anthu atatu. Choncho mwini njinga ali ndi gawo lake pa ngoziyo ngakhale ali khale pakhonde. Ine ndikuti amene ali ndi ndalama yogulira njinga ali nayonso yogulira mahelemeti awiri abwino, ndipo asamapereke njinga popanda zimenezo. Koma tiwerengenso phindu la kuthamangako. Ulendo wa makilomita 10 pa liwiro la 60 ndi mphindi 10. Pa liwiro la 40 ndi mphindi 15. Mwapindula mphindi zisanu, mwagula energy yoposa kawiri. Malonda amenewo ndi oluza.

Atsikana mumati helemeti ya kabaza ndi yonunkha thukuta, yavalidwa ndi mudzi wonse, ndipo imasokoneza tsitsi. Zoona. Mangani duku kapena kansalu kumutu, helemeti pamwamba. Tsitsi limalukidwanso Loweruka, chigaza ayi.

Ena mumati ndi pafupi pompa. Masamu a ma newton 15,000 aja tinawerengera njinga itaima. Mtunda wofunika si wa ulendo, ndi wa kuchoka kumutu kufika pansi.

Ena mumati wosunga moyo ndi Mulungu, tsiku likakwana lakwana. Sinditsutsana ndi chikhulupiriro cha munthu. Koma tonsefe timagona m'masikito, timakhoma chitseko usiku, ndipo mtsinje wa Ruo ukadzadza sitiwoloka. Palibe amene amati kumeneko ndi kusakhulupirira.

Ndivomerenso kuti helemeti si chithumwa. Siteteza mwendo, ndipo ukawombana ndi lole uli pa liwiro la 100 palibe chipewa chimene chingakupulumutse. Misewu yokonzedwa bwino, ambulansi yokhala ndi mafuta, kuphunzitsa oyendetsa kabaza asanalowe pamsewu, zonsezi ndi ntchito ya boma ndi makhonsolo, ndipo tiyenera kuzifunsa mosatopa. Koma zimenezo zitenga zaka, pamene inu mukwera njinga mawa m'mawa.

Ntchito ya sabata ino

Ndikupemphani zinthu zitatu. Choyamba, musanakwere funsani helemeti, ndipo mangani lamba. Njinga ikayamba kuuluka, gwirani phewa la woyendetsa n'kunena mwaulemu kuti, "Achimwene, chepetsani, apo ayi nditsike." Ndalama ndi yanu, mutu ndi wanu.

Chachiwiri, yesani nokha. Tengani tomato awiri ofanana. Mmodzi mugwetse kuchokera pa mita imodzi ndi theka pa simenti, winayo kuchokera pa msinkhu womwewo m'beseni la madeya. Energy ndi yofanana. Lembani chimene chasiyana ndi chifukwa chake, kenaka mukaonetse mchimwene wanu wa kabaza.

Chachitatu, chitani zimene anachita Cairns. Khalani awiriawiri pamalo otetezeka m'mbali mwa msewu wa ku Muloza kapena pa siteji ya kwanu kwa mphindi 30. Werengani njinga zamoto zonse zodutsa. Lembani oyendetsa angati avala helemeti, angati amanga lamba, okwera angati avala, ndi njinga zingati zanyamula anthu oposa awiri. Musalembe maina kapena manambala a njinga, sitikufuna kugwiritsa munthu. Tikasonkhanitsa za magulu onse tidzakhala ndi chinthu chimene pakali pano tilibe m'manja: manambala a kwathu, oti tikaonetse a mfumu, a komiti ya sukulu ndi atsogoleri a kabaza.

Mnyamata uja funso la kinetic energy ankalikhoza m'kalasi. Ndikakumbukira zimenezi ndimadzifunsa ngati ndinamuphunzitsa za mpira wogubuduzika papepala basi, osamuuza kuti mass imene ili mu formula ija tsiku lina idzakhala mutu wake. Inuyo ndakuuzani. Mapepala a kawerengedwe kanu ndiwalandira Lachisanu.